Mmene Maso a Pende Ananimanira Ulendo wa ku Lusaka

Mpaka lero amai sanilola kuyandikira dishi ya nsomba nili na lezala. Olakwa ni aticha a bayoloje, osati ine.

Asanatitulutse giredi 12, anatiuza nkhani imene inanisokoneza mutu. Ati kuseli kwa diso kuli kansalu kotchedwa retina, ndipo mwana akali m'mimba, maselo a pamenepo amayamba onse ofanana, malova ngati ine. Kenako amatumizirana timankhwala. Wina ati, "Ine natenga ntchito yotumiza uthenga ku bongo, iwe yembekeza." Wina amakhala woona mumdima, wina wa mitundu. Palibe foni, palibe kapitawo, koma aliyense amapeza malo ake! Anatinso nsomba, diso lake silileka kupanga maselo atsopano m'mbali.

Manje asisi anga ali na pakati. Tsiku lina tinali kulonda nsomba za pende zimene amai amagulitsa, tikuyembekeza Anti Mwape, ogula nsomba a ku Lusaka, amene analonjeza kunitenga nikaoneko tauni (ninali nitauza kale Boma yonse, na mbuzi zomwe).

"Asisi, pano tikamba, maselo a m'maso mwa mwana wanu ali pa miting'i."

"Iwe, choka apa. Nionetse."

Ninakumbukira za diso la nsomba lija, natenga lezala, nachotsa diso la pende imodzi, nang'amba. Munatuluka kamkanda na zonanda. Miting'i kulibe. Ninati mwina iyi inali yogona. Yachiwiri. Yachitatu. Asisi kuseka mpaka kugwira msana, ine thukuta ngati Zambezi yasefukira. Pamene nimakumbukira kuti aticha anati maselo amaoneka na maikulosikopu chabe, dishi yonse inali ya akhungu.

Anti Mwape anafika na amai. Paja wogula amayamba kuona maso kuti adziwe ngati nsomba ni ya lero.

"Amake Tiza, mubisa chani? Maso ali kuti?" anafunsa Anti (Tiza ndine).

Amai ananiyang'ana. Ninafotokoza zonse, bwinobwino, na manja omwe. Anti anati, "Zodabwitsa zoona, mwana wanga," nakwera motoka yawo, opanda nsomba, opanda ine.

"Ndiye maselo amauzana ntchito?" anatero amai. "Nane nikuuza yako. Sonkha moto, uziwambe zonse."

Ninakhala pautsi mpaka dzuwa kupendeka, misozi mbwembwembwe. Koma ngakhale apo nimaganiza kuti timaselo tija tinagwira ntchito yaukatswiri: nimaona bwinobwino fumbi la motoka ija, na mtundu wake womwe.

Mwana akabadwa nizamuyang'ana m'maso. Kuyang'ana chabe. Lezala asisi anabisa.