Mmene Ndinadyetsera Chimanga cha Amayi

Ndagi!

Mwati gize? Nayi: mwana wa kwathu ali yasa kukamwa kuloza kumwamba, koma amadyera kumapazi.

Ganizani mofatsa. Ine Tiyamike, katswiri wa ndagi, imeneyi inandigwetsa dzuwa likuswa mtengo, anthu a midzi itatu akuonerera. Mpaka lero ndikafika pa Songani ndimayenda chowerama ngati ndataya singano.

Poyamba mundimvetse. Ine ndinakulira kwa agogo ku Malemia. Agogowo ndi a nandolo, chinangwa ndi kalongonda basi. Feteleza amati ndi mchere wa anthu aulesi, ndipo sanaugulepo chibadwire. Chimene anandiphunzitsa ndi ndagi, tikamapala makaka pakhonde. M'ndagi zawo chilichonse ndi munthu: mtondo uli ndi mimba, singano ili ndi diso, botolo lili ndi khosi. Ndiye pobwerera kwa amayi kudzayamba Fomu 2, m'mutu mwanga munangodzaza mimba ndi makosi a zinthu.

Amayi anga ndi mlimi wachitsanzo ku sikimu yathu ya mthirira, m'mbali mwa mtsinje wa Domasi. Mizere yawo imawongoka ngati ana asukulu pa asembule. Chaka chatha alangizi anasankha dimba lawo kuti kukachitikire chionetsero, alimi anzawo adzaone mmene chimanga chimasamalidwira. Tsiku lake linali Lachisanu. Chitenje chovala tsikulo amayi anasita kukadali sabata yathunthu.

Lolemba m'mawa kunabwera uthenga wa maliro a azakhali awo. Amayi anandiitana akumanga mpango, mng'ono wanga Takondwa, wa zaka zisanu, akuwakoka chitenje.

"Tiya, chimanga chija chafika m'mawondo, chili ndi njala. Ukachidyetse lero lomwe. Chitsekero chimodzi, phesi limodzi. Ukatha uchimwetse, lero ndi tsiku lathu la madzi. Wamva?"

"Ndamva amayi."

"Wamva kapena ukulota?"

"Ndamva!"

Kunena zoona, ndinali kuyang'ana mtambo pamwamba pa phiri la Zomba, womwe unkaoneka ngati mkwatibwi wakwera njinga.

Anandisiyira ndowa ya feteleza wa yureya, woyera mbee ngati shuga. Pamwamba pake panali chitsekero cha botolo choyezera, ndi kamtengo kosongola.

Nditafika kudimba ndinaima kaye ngati dokotala. Kudyetsa? Chabwino. Nanga chimanga pakamwa pake ndi pati? Ndinangoti kuyang'ana, ndinapaona! Pamwamba penipeni, pamene masamba amapindana n'kusiya kadzenje, phesi lililonse linali yasa ngati mwana wa mbalame m'chisa. Ndinakumbukanso kuti sabata yapitayo ndinaona amayi akuthira phulusa ndi mchenga pamalo omwewo. Sindinadziwe kuti iwo ankalimbana ndi mbozi, ntchemberezandonda zija. Ine ndinkangoti ndi kadzutsa.

Chitsekero choyamba, pakamwa, khuthu! Chachiwiri, khuthu!

Nanga kamtengoka n'kachiyani? Ndinaganiza pang'ono, yankho linabwera lokha. N'kokankhira chakudya kukhosi, kuti chimanga chisatsamwe. Ndinayamba kutokosa phesi lililonse mwachikondi, ndikuliuza kuti, "Meza mwanawe, meza."

Ndili pa mzere wachisanu ndinamva mawu kumbuyo.

"Iwe mwana wa Anaphiri, ukutani?"

Anali Anambewe, a dimba loyandikana nalo. Mayi amenewa chilichonse chimene amayi achita, iwo amachitanso mawa lake, kenako n'kumauza anthu kuti anayamba ndi iwo.

"Ndikuthira feteleza, azakhali."

"Pamwamba? Si paja timabaya pansi n'kukwirira?"

Apa ndiye pamene ndikanapulumukira. Kamtengo kaja kanandiyang'ana. Koma munthu wa Fomu 2, yunifolomu ili pachingwe, angagonje kwa munthu amene amasayina ndi chala?

"Zimenezo ndi zakale, azakhali," ndinatero osaphethira. "Iyi ndi njira yatsopano."

"Ya alangizi?"

"Ya sayansi."

Anambewe anayandikira, maso ali tong'o.

"Ndiye amako amatibisira eti? Akufuna atiyalutse Lachisanu! Tachitanso ndione."

Ndinawaonetsa. Ndinawaphunzitsanso kagwiridwe ka kamtengo, kuti dzanja lizikhala lofewa. Ndinawonjezera zoti chakudya chikalowera pakamwa chimafika msanga m'mimba, pamene cha pansi chimayamba chasochera. Mawu ankangotuluka okha, ine ndemwe n'kumadzigomera.

Dzuwa litakwera, madzi anafika m'ngalande yathu, kuyembekeza kuti nditsegule alowe m'mizere. Ine ndinaseka. Munthu akadya, mumamuthira madzi kumapazi? Ndinatunga m'ndowa, n'kutenga kapu, phesi lililonse kakapu kake pakamwa. Yureya uja ankasungunuka bwinobwino n'kutsikira kukhosi, ine mtima uli mbee.

"Nanga madzi a m'ngalandewa sutsegula?" anafunsa Anambewe.

"Tengani inu, azakhali. Ife tamwetsa kale."

Anatsegulira kwawo msangamsanga ndisanasinthe maganizo. Tsiku lathu la madzi linapita choncho, lina mpaka Loweruka. Pochoka ndinawaona ali jijirijijiri pa mizere yawo, chitsekero kudzanja ili, kamtengo kudzanja linali.

Lachitatu ndinakazonda odwala anga. Masamba apamwamba anali atayamba kuyera m'mbali. Ndinati chikugaya chakudya. Lachinayi anali atafota, ena atapiringizika ngati fodya. Ndinati mwina chakhuta kwambiri, chagona.

Lachisanu amayi anatsika minibasi pa Songani m'mawa, anangofika kunyumba kudzavala chitenje chija, osapita n'kudimba komwe. Ndinayesa kuyankhula.

"Amayi, chimanga chija..."

"Unachidyetsa?"

"Ee."

"Unachimwetsa?"

"Ee, koma..."

"Basi. Tenga Takondwa, anthu afika kale pamsewu."

Anthu ake! Makalabu atatu, azimayi akuimba, azibambo atakoka njinga, alangizi ali patsogolo ndi chipewa chawo chachikulu. Amayi ankatsogolera nyimbo, mutu uli m'mwamba. Ine ndinali kumapeto kwenikweni, ndikupemphera kuti mtsinje wa Domasi usefukire mu Ogasiti.

Titakhota pa nthochi za kumalire, nyimbo inafa yokha. Oimba kutsogolo anayamba kusiya, kenako apakati, mpaka kunatsala gogo mmodzi kumbuyo amene anapitiriza yekha mavesi awiri.

Dimba lonse linali ngati ladutsidwa ndi moto wolusa. Mitu yopsa, nthaka yong'ambika ndi ludzu. Mizere yokha ndiye inali yowongokabe.

Alangizi anavula chipewa monga amachitira pamaliro. Anatsegula phesi limodzi pamwamba, n'kupeza zoyera zitaumira m'kati. Ananunkhiza.

"Mayi Phiri, yureya wafika bwanji muno?"

Amayi anangotembenuka pang'onopang'ono, maso awo n'kudutsa anthu onse aja mpaka kundipeza kuseri kwa njinga ya munthu wina.

Asanatsegule pakamwa, Anambewe anatulukira m'dimba mwawo atanyamula mapesi awiri opsa, lina uku lina uku.

"Alangizi, mundiuze! Sayansi yanu ija ndi imeneyi? Mizere isanu ndi umodzi yandipsera! Mwana uyu anati ndi njira yatsopano!"

"Njira yanji?"

"Yodyetsa pakamwa! Ndi kamtengo kokankhira kukhosi!"

Pomwepo bambo wina anagwetsa njinga ndi phwete. Azimayi ankagwirana mapewa, misozi ili mbwembwembwe. Wina anakuwa kuti, "Munachipatsako ndiwo?" Winanso, "Chikadya mumachigwira pamsana kuti chigeye?"

Alangizi anayesetsa kukhala siriyasi, koma ndevu zinkawagwedera. Anandiitanira kutsogolo.

"Mwana wanga, chimanga chimadyera kuti?"

Pamenepo m'pamene ndagi ija inabadwa m'mutu mwanga, mochedwa ndi masiku anayi.

"Kumapazi," ndinanong'ona.

"Kweza mawu, a kumbuyo amve."

"Kumizu!"

Ndiye chionetsero chinachitikadi pa dimba la amayi. Alangizi anatenga kamtengo kanga komwe kaja, anabaya pansi motalikirako pang'ono ndi phesi, anathira chitsekero chimodzi n'kukwirira. Anafotokoza kuti yureya akakhudza masamba anthete amawotcha, ndipo kuti feteleza popanda chinyezi m'nthaka ndi kutaya chabe. Anati pa zaka zonse za ntchito yawo sanapezepo munda wophunzitsira bwino ngati umenewu. Anthu anawomba m'manja. Amayi sanawombe.

Loweruka madzi anabwera, ndipo mapesi ena anaphukiranso. Koma mondokwa wake, abale, anali ngati zala za Takondwa. Mizere ya Anambewe ndinakabzalanso ndine, iwo atakhala pamthunzi akundiitana kuti "a Sayansi". Dzinalo linakakamira mpaka kusukulu. Chimene ndinatolapo n'chakuti si aliyense wayasamula amene akupempha chakudya.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ulendo wobwerera kunyumba Lachisanu lija. Amayi patsogolo, chitenje chatsopano chili fumbi lokhalokha. Ine pambuyo ndi ndowa. Anambewe ndi azimayi ena pakati, akupukutabe misozi. Takondwa anathamanga n'kukagwira dzanja la amayi, n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve:

"Amayi, chimanga chimadyera kumapazi eti? Nanga achemwali amaganizira kuti?"