Shoko ya Motoka ya Chanda

Sekani, sekani ndithu, mano mukadali nawo. Iwe wa chipewa chofiira, ndakuona ukukodola mnzako, ukuti mdala Sakala wayambanso mabodza ake. Mvula iyi sikata msanga, ndipo pansi pa malata angawa mwabisala nokha, sindinakuitaneni, ndiye khalani phee mumve. Amene akuti ndikunama adutse kuseri kwa msika, afunse nyumba ya Amake Bwalya, akaone motoka yoyera ili pabwalo matayala ataphwa. Motoka imeneyo ndiyo mboni yanga. Ine Sakala, amene ndawotcherera mageti a theka la komboni yonse ya Kanyama ino, ndinawotcherera chitsulo ndi mphezi pa maliro a Chanda, ndipo Mulungu akundiona pamene ndakhala pano.

Chanda anali Mubemba wa ku Kasama, ine Mngoni wa ku Chipata, ndiye mwadziwa kale kuti tinali pa chimbuya. Inu obadwira mu komboni chimbuya mumachidziwira pa kupakana ufa pa maliro basi. Chimbuya chenicheni ndi ichi: munthu umamutukwana m'mawa uliwonse, iye nkukubwezera, ndipo tsiku limene wamwalira ndiwe umamukwirira uku ukuseka, chifukwa mbuya salira. Abale ake alire, iwe ntchito yako ndi kuwaseketsa kuti mitima isawaphulikire. Chanda ankadutsa pano pomwe, mutu uli pa windo, nkukuwa kuti, "Wodya mbewa iwe, wagwira zingati lelo?" Ine nkuti, "Pita, wodya anyani, mchira wauiwala kunyumba!" Tinakalamba choncho, ndipo sindinakhalepo ndi mnzanga wina woposa ameneyo.

Motoka yake inali ya zija zazitali kumbuyo, za chitseko chotsegukira m'mwamba, yonyamulira matomato ndi kabichi kuchokera ku msika wa m'tauni. Chitseko chotere chimaima ndi shoko, kachitsulo kaja kokhala ngati pampu ya njinga, kodzaza mpweya. Shoko ya mbali imodzi inafa kalekale, inayo nkumasenza yokha, mpaka madzi a Kanyama ano, amene amalowa m'nyumba osagogoda, anadya bulaketi pamene shokoyo imagwirira thupi la motoka, dzimbiri nkuizula yonse. Chanda anangotola mpini wa khasu nkumachirikiza nawo chitsekocho. Ndinamuuza kangati kuti bwera nayo ndikuwotcherere? Ankati Mngoni asakhudze motoka yake, angaiwambe pamoto nkudyera nsima.

Anadwala chifuwa nthawi ya mvula ngati ino, ndipo sanachedwe. Ali m'chipatala anapempha mkazi wake, Amake Bwalya, chinthu chimodzi chokha: kuti asadzamukweze pa lole ngati thumba la makala, adzapite ku manda pa motoka yake.

Tsiku loika maliro kunacha mitambo yakuda bii, madzi a mumseu ofika m'maondo, tenti ikudontha, azimayi akuimba mawu atasasa. Mkulu wake wa Chanda, Ba Mutale, anali atafika kuchokera ku Kitwe, suti yakuda, ndipo maso awo sanali pa bokosi ayi, anali pa malata a nyumba, pa mawindo, pa geti limene ndinawotcherera ine. Anyamata anatsegula chitseko cha kumbuyo, nkuchirikiza ndi mpini uja, nkunyamula bokosi. Kumutu kwa bokosi kutangolowa, mpini unaterereka, chitseko phuu! pa bokosi. Nyimbo inaduka pakati. Anatulutsa bokosi, nkuimikanso mpini, nkuyesanso, mpini thyo! pakati, chitseko phuu! kachiwiri, maluwa onse a pa bokosi kumwazikira m'matope.

Ba Mutale anatembenuka pang'onopang'ono nkuloza mlamu wawo. "Mwaona? Mufana wanga akana kuyenda. Pali vinthu pano. Uyu mukazi atiuze vamene anachita. Ngati chagwa futi, azachoka pano lelo na bana bake."

Amake Bwalya anangokhala pansi m'matope momwemo, chitenje chili kumutu, ana awiri atamukangamira. Inu mukudziwa mmene zimakhalira. Mawu otere akatuluka pa maliro, ena onse amayamba kukumbukira zimene sanaone, ndipo dzuwa likamalowa wamasiye amakhala ali pamseu ndi mphika umodzi. Mkazi ameneyu anamusambitsa Chanda m'chipatala mpaka tsiku lomaliza, ine ndikuona. Mtima unandiwawa koopsa, ndinene poyera.

Ndinatapa ufa m'manja onse awiri, nkupita kwa Ba Mutale, nkuwathira kuyambira pa dazi mpaka pa nsapato, chifukwa mbuya yekha ndiye angachite zimenezo osamenyedwa. Ndinati, "Ba Mutale, odya anyani simudziwa chitsulo. Mufana wanu sakukana manda, ndi ulesi wake womwe uja, angakhale atafa akufuna Mngoni amugwirire ntchito. Ili ndi dzimbiri, si ufiti. Ndipatseni mpata." Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa mantha. Ba Mutale anapukuta ufa m'maso nkuti, "Konza tione."

Tsono mverani. Malaiti anali atapita kuyambira dzulo lake, makina anga owotcherera anali chitsulo chongokhala, ndiye ndinagwada kumbuyo kwa motoka nkuyamba kupala dzimbiri ndi chikhadabo ichi, kupala, kupala, mpaka fumbi lofiira linakwera kukalowa m'mitambo, moti mvula imene inagwa ku Chawama tsiku limenelo inali yofiira ndipo azimayi a kumeneko anachapanso zovala zonse, kenako ndinaitanitsa khasu la mpini wothyoka uja, nkuliluma, nkudula chidutswa, mano awa mukuona kulibewa anatsala mmenemo, nkuchipinda pa bondo, nkuboola bowo ndi chala chamkombaphala, bulaketi yatsopano nkukhala yatha. Mukumva? Koma moto ndiutenga kuti? Ndinamasula waya woyanikapo zovala, nkumangirira mwala kunsonga, nkukwera pa denga la Chanda, nkuzunguza, nkuponya, wayayo nkukakola mtambo umene unali kudutsa kupita ku Matero, ine nkuyamba kuukoka ngati mbuzi yokana kupita ku msika, iwo ukukana, ine ndikukoka, mapazi anga akulowa m'malata, mpaka unafika pamwamba pa tenti nkuima. Mphezi yoyamba inatsika inali yaing'ono, kamwana chabe, ndinaibweza kuti ikaitane amake. Yachiwiri inabwera yonenepa, yabuluu, ikulavula moto, ine nkuigwira pakhosi, nkuikankhira m'chigubu chotungira madzi, nkutseka pakamwa ndi chala chachikulu, iyo ikubangula mkatimo, agalu a Kanyama yense atalowa pansi pa mabedi. Iwe, usatsegule pakamwa choncho, ntchentche zilowa.

Ndinatsika nayo pansi nkuyamba kuitulutsa pang'onopang'ono, dontho, dontho, pa bulaketi, popanda magalasi akuda, maso angawa ali gwa, ndipo kuwala kwake kunafika ku komboni ya George, kumene bambo wina wakhungu anaona nyumba yake koyamba nkuyamba kukalipira amene anapaka penti. Chitsulo chinasungunuka, chinagwirana, ndinachiziziritsa ndi malovu. Mphezi yotsala ndinaimasula ndikuipepesa, inapita ikudandaula chakumadzulo.

Yatsala shoko. Inali itaphwa, mpweya unathawamo. Ndinaika nsonga yake pakamwa nkukoka mpweya kamodzi kokha, ndipo madzi onse a mumseu anabwerera m'mbuyo mpaka pansi panaoneka pouma, tenti inafuna kundilowa m'mphuno, achule atatu analowadi ndinachita kuwatsokomola, kenako ndinauzira, kuuzira, shoko nkuyamba kulira ngati mwana wa mbuzi, nkuuma gwa. Ndinaikoleka pa kamutu ka bulaketi, kha! Nditachotsa dzanja, chitseko chinakwera chokha, ndi mphamvu yoti matayala a kumbuyo ananyamuka pansi, motoka nkutsala itaima ndi a kutsogolo okha. Mukumva? Azimayi anayambiranso nyimbo.

Bokosi linalowa. Koma Chanda anali wamtali, kumiyendo kwa bokosi kunatsala panja, ndiye chitseko sichikanatsekeka, chinayenera kupita chili m'mwamba njira yonse mpaka ku manda a ku Chingwere. Ndinauza anthu kuti ine ndikhala kumbuyo komweko, pambali pa bokosi, kuopa kuti mbuya wanga akaona mitengo angadumphe nkukakwera. Ndinadzipanikiza pakona, miyendo ili panja. Ba Mutale anakwera motoka yotsatira, mpando wa kutsogolo, maso awo osachoka pa chitseko ngakhale kuphethira. Kumbuyo kwawo kunali lole ya azimayi, ndipo ndinkaona chitenje cha Amake Bwalya pakati pa mitu ija.

Mseu wa nthawi ya mvula mumaudziwa. Dzenje lina tinapezamo minibasi yathunthu itamira, kondakitala ali pa denga akuitanabe anthu a ku tauni, lina linali lakuya moti titalowamo tinamva anthu akulankhula chilankhulo china kunsi kwake, ndipo motoka inkagwa, kudzuka, kupendama, bokosi likugunda uku ndi uku, ine ndikuimba nyimbo zotukwana Chanda, kuti anali waulesi, kuti kumwamba kulibe anyani akafa ndi njala kachiwiri, kuti akandisungire malo kutali ndi iye. Anthu a m'mbali mwa mseu ankavula zipewa uku akuseka. Chitseko sichinagwe. Tinafika, bokosi linatuluka, ine ndekha ndinatsitsa chitseko mwaulemu nkutseka. Tinamuika Chanda mvula ikuwaza, dothi lolemera, lomata pa fosholo. Ba Mutale sananenenso kanthu za ufiti, anthu onse anali ataona kuti wakufa wayenda bwino. Maliro atatha anakwera basi ya ku Kitwe, suti ikadali ndi ufa m'makutu mwa kolala. Amake Bwalya ali m'nyumba yawo mpaka lero, ana aja anakulira momwemo.

Ukuti chiyani iwe wa chipewa? Unapitako? Unaona mtengo wa tsache ukuchirikiza chitsekocho, bulaketi ikulendewera pa shoko? Ndiye maso ako ndi akuthwa, eti. Ndipo ukufunsa kuti phewa langa lamanjali linapendama ndi chiyani, mkono osakwera kufika pamutu?

Chabwino. Za mphezi sindibwerera m'mbuyo, ndinaigwira. Bulaketi yanga inali yolimba, ikadalipo, kaigwedeze uone. Chimene chinali chowola ndi motokayo. Thupi lake lonse pakona paja linali ngati buledi wonyowa, ndipo mpweya wanga unachuluka. Anyamata akulowetsa bokosi, ine ndili chiimire pambali ngati ndikunyadira ntchito yanga, ndinamva tswa! kakang'ono, pafupi ndi khutu. Palibe wina anamva, nyimbo inali pamwamba. Bulaketi inali itazuka pamodzi ndi chitsulo cha motoka, chitseko chikuyamba kutsika, Ba Mutale ali apo, Amake Bwalya akudzuka m'matope. Ndinangolowetsa phewa pansi pake, nkukweza mkono ngati ndikuloza kumwamba, nkuyamba kutukwana Chanda mokweza. Za anyani odumphira m'mitengo zija ndinapeka pomwepo kuti ndisachoke pakonapo.

Shoko ndinali ine, ana inu. Kuchokera ku Kanyama mpaka ku Chingwere. Dzenje lililonse chitseko chinkanyamuka pang'ono nkubwera ndi thupi lake lonse pa fupa ili, ndipo ndikanangoti mayo kamodzi, kapena kutsitsa mkono kuti ndipume, mkazi uja akanagona pamseu ndi ana. Ndiye ndinkaimba. Chikagunda kwambiri, ndinkaimbanso kwambiri. Pa manda ndinamukwirira ndi mkono umodzi, anthu nkumati Sakala akuchita masewera a chimbuya.

Koma ndifunseni: chitseko chinagwa? Sichinagwe. Ndani wa inu anakonzapo chinthu chimene chinagwira ntchito yake yonse tsiku limene chinafunika? Mumakonza zinthu zokhala zaka, koma zosapulumutsa munthu.

Kuyambira pamenepo m'mawa kuno kumangoti zii. Motoka zimadutsa, palibe amene amatulutsa mutu kundifunsa za mbewa. Inu mumandipatsa moni waulemu, ba mdala mwauka bwanji, ndipo ulemu umenewo umanditopetsa, ndinene zoona. Ndimamusowa wodya anyani uja.

Chinthu chimodzi ndikuuzeni, mvula ikukata, muzipita. Tili m'njira muja, pafupi kufika, misozi inayamba kutsika, kutsika osaleka, kusakanikirana ndi ufa pankhope. A mumseu ankati Mngoni waseka mpaka kulira. Amake Bwalya anadzandifunsa patapita nthawi, atadziwa za bulaketi, ndipo ndinawayankha kuti unali ululu wa phewa, poti mbuya salira. Anagwedeza mutu, sananditsutse.

Phewa linali litachita dzanzi tisanatuluke n'komwe mu Kanyama. Linayamba kuwawa mawa lake.