Mpini Umene Unaphuka Masamba

Pakanapanda mpini wa khasu, bwenzi lero mukunditchula kuti abulazala. M'malo mwake ndine bambo wa ana asanu ndi awiri, ndipo nkhani iyi ngakhale akazi anga amaidziwa mwapatalipatali.

Ndinalowa m'nyumba yophunzitsira abulazala a mishoni, paphiri lina chakumalire a Dowa ndi Ntchisi, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Amayi anali atalengeza kale mudzi wonse kuti mwana wawo waitanidwa ndi Mulungu. Amalume, mkulu wa mpingo wa ku Mvera, anangoti, "Ameneyu abwerako ndi chikwama chake chomwechi." Ndiye mumvetse kuti kubwerera kwathu ndisanachite malumbiro ndinkakuopa kuposa imfa.

Malumbirowo ndi atatu: umphawi, kusakwatira ndi kumvera. Umphawi ndinabadwa nawo. Kusakwatira sikunkandiopsa, poti panalibe mtsikana amene anandiyang'anapo kawiri. Kumvera nako ndinkati n'kophweka (dziko lonse masiku amenewo linkamvera, mbuzi zokha ndizo zinkachita zofuna zawo).

Wotiphunzitsa anali wansembe wachizungu wokalamba, tinkangoti Abambo. Patatsala miyezi itatu kuti tilumbire, ananditengera kuseri kwa tchalitchi n'kuzika pansi mpini wakale, wouma gwa.

"Muziuthirira m'mawa ndi madzulo, ndowa ziwiri."

"Kuti utani, Abambo?"

"Funso limenelo ndilo tikufuna kuchiza."

Madzi anali kudambo, kunsi kwa phiri. Ndinathirira milungu itatu, ndipo chiswe chokha ndicho chinkayamikira. Tsono ine ndine mwana wa mlimi wa fodya. Kwathu ukathirira nazale osamera kanthu, wolakwa ndiwe. Ndinayamba kuganiza kuti mpiniwo ukapanda kuphuka, Abambo anena kuti maitanidwe anga ndi ouma chimodzimodzi. Palibe anandiuza zimenezi, ndinadziphunzitsa ndekha.

Tsiku lina masana anzanga akupuma, ndinadula nthambi ya kachere yolingana ndi mpiniwo, n'kuipaka dothi ndi phulusa, n'kuizika pamalo pomwepo. Mpini ndinauponya m'chimbudzi. (Ndinathirako ndi manyowa. Ukaipa dziwa nyimbo.)

Kachere sachedwa. Pasanathe mwezi timasamba tinatuluka. Woyamba kuona anali mayi wina wosesa m'tchalitchi, amene masiku onse ankandimvera chisoni pondiona ndikuthirira mpini. Anagwada pomwepo, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itamveka mpaka ku Mponela. Anthu anayamba kukwera phiri, a mutu, a nyamakazi, ofuna mwana, aliyense kuthyola tsamba lake. Ena ankandigwira malaya. Amayi anabwera ndi nkhuku, n'kumauza anthu kuti iwo ankadziwa ndikadali m'mimba. Ine ndinkangoweramitsa mutu chifukwa cha mantha, anthu n'kumati taonani kudzichepetsa kwake. Ndisaname, zinkandikomanso. Abambo okha ankangodutsa ndi buku lawo la mapemphero, osaima n'komwe pamtengopo.

Loweruka lina anatulukira tcheyamani wa chipani wa m'deralo, akukankha njinga.

"Msonkhano uno wavomereza ndani? Nanga anthu onsewa akuombera m'manja yani?"

Masiku amenewo kuomberedwa m'manja kunali ndi mwini wake. Atangoti aliyense aonetse khadi, odwala nyamakazi anathamanga kuposa onse (ena mpaka lero amati linawachiritsa ndi tsamba lija). Tcheyamani anathyola masamba awiri amene anatsala, n'kuika m'thumba la jekete, nati mawa lake akufuna yankho, apo ayi nkhani ipita kuboma.

Atachoka, Abambo anandiitanira pamtengo paja.

"Mwana wanga, mpini wanga unali ndi bowo lolowetsa khasu. Bowolo nalo lachira?"

Ndinaulula zonse, misozi ndi mamina. Mawa lake Misa itatha anandiimika pamaso pa mpingo, tcheyamani ali pomwepo, kuti ndinene ndekha kuti chozizwitsa chawo chinali kachere wakudambo. Amayi anali pabenchi yachiwiri. Sanandiyang'ane, ndipo nkhuku yawo anaitenga.

"Ndinadziwa tsiku lomwe munasintha mpini lija," anatero Abambo pondiperekeza kuchipata. "Ndinadikira kuti mubwere nokha, simunabwere. Koma ulimi ndiye mumautha. Munthu wolephera kuthirira chinthu chouma, akalime."

Kumudzi amalume sanandinyoze. Anangolandira chikwama, n'kuchitembenuza uku ndi uku. "Ndi chomwe chija eti?"

Chaka chatha ndinadutsako pochokera kumaliro. Abambo anagona kalekale, koma kachere uja ndi chimtengo. Pansi pake panali anzanga awiri amene tinalowa limodzi, mikanjo yoyera, imvi zili mbuu. Iwonso nthawi ija anapatsidwa mipini yothirira; yawo inatha ndi chiswe, koma malumbiro anachita. Mmodzi anandizindikira ndili kunja kwa mpanda.

"Lowani achimwene, mthunziwu ndi wanu."

Ndinakhala nawo pang'ono, mtima ukuwawa ndithu, poti moyo umenewo ndinkaufunadi. Ndinadziuza kuti nditseke pakamwa, ndingomvera ngati mlendo. Koma potsanzika sindinapirire. Ndinawauza kuti mtengowo sakuusamala bwino, ukufunika kudulira.