Njanji ya Bambo Anga ndi Tchalitchi cha a Lufeyo

Mpaka lero ndikamva sitima ikulira cha ku Kanengo, mtima umandiwawa. Musandiuze zokhululuka, chifukwa amene adandilakwira pa nkhaniyi ndi ambiri. (Akazi anga amati woyamba pa mndandandawo ndine. Zimenezo ndi zawo.)

Bambo anga adagwira ntchito ya njanji ku Limbe moyo wawo wonse. Mzungu wina wa kuntchitoko, pobwerera kwawo, adawasiyira kasitima koseweretsa. Linali thabwa lalikulu ngati chitseko, pamwamba pake tinjanji tozungulira, kaphiri, kamtsinje ka penti, tinyumba ndi katchalitchi. Ukalumikiza ku magetsi, kasitimako kankayenda kokha. Ife ana sitinkaloledwa ngakhale kupumirapo. Bambo atamwalira, abale anga adalimbirana njinga ndi masuti. Ine ndidanyamula thabwalo.

Boma litayamba kusamuka ku Zomba, ofesi yathu idali m'gulu loyambirira. Lole yomwe idatinyamulira katundu idafika ku Lilongwe kaphiri kataphwanyika, tinjanji titazuka, injini itafa. Adatipatsa nyumba ku Area 3 podikira kuti zathu zithe kumangidwa, nyumba yoposa udindo wanga kutalitali, pakuti ine ndinali kalaliki wosunga mafayilo basi.

Miyezi isanu, Loweruka lililonse, ndinkakhala pakhonde kukonza chuma cha bambo anga. Ndidapala dzimbiri kanjanji kamodzikamodzi. Kaphiri ndidakaumba ndi nyuzipepala zonyowa ndi phala la chinangwa (koyamba kadadyedwa ndi mphemvu, ndidaumbanso). Injini ndidapita nayo kwa wokonza mawailesi ku Old Town, amene adaseka kaye mpaka kutsokomola asanaigwire. Tsiku lomwe kasitimako kadazungulira koyamba, misozi idalengeza.

Tidali ndi wantchito wa m'munda, a Lufeyo, bambo wachikulire, mkulu wa mpingo kumudzi kwawo chakumpoto kwa tauni. Masiku amenewo midzi inkasamutsidwa kuti likulu lipeze malo, ndipo aliyense ankakamba zoti njanji ikubwera kuchokera ku Salima. Tsiku lina adaima kumbuyo kwanga, khasu lili paphewa.

"Bwana, chimenechi n'chiyani?"

Yankho loona linali lalifupi: chidole. Koma munthu wamkulu, wa ndevu, wokhala ku Area 3, ungauze mkulu wa mpingo kuti Loweruka lonse umasewera ndi chidole?

"Ndi za kuntchito izi, a Lufeyo. Mapulani."

Adawerama n'kuyang'anitsitsa. "Phiri ili, mtsinje uwu... Nanga njanjiyi bwanji ikudutsa pakhomo penipeni pa tchalitchi?"

"Boma likalamula lalamula," ndidatero ine, ndikupukuta manja ngati nduna.

Lamulungu masana tidamva odi pageti. Anthu oposa khumi: amayi a yunifolomu ya mpingo, akuluakulu awiri a majekete, a Lufeyo patsogolo atakumbatira tambala. Adakhala pansi pa kapinga, ine pampando. Mmodzi wa akuluakuluwo adafotokoza kuti phiri ndi mtsinje zomwe zili pa mapulani angawo ndi za kwawo ndithu, ndipo tchalitchi chawo angochifolera kumene ndi malata atasonkha zaka zambiri.

"Tikupempha, bwana, njanjiyo muisunthireko pang'ono. Inu ndinu maso athu."

Apa mpomwe ndikadaulula. Koma akazi anga adali pawindo, mlonda wa nyumba yoyandikana nayo ali pampanda, ndipo chibadwire changa palibe adanditchulapo maso a munthu.

"Ndiona chomwe ndingachite," ndidayankha. Tambala ndidalandira. (Tidadya tsiku lomwelo. Akazi anga, amene amanditcha wabodza lero, adatenga ntchafu zonse ziwiri.)

Lolemba nditabwera kuchokera kuntchito ku City Centre, ndidapeza zoopsa pakhonde. Tinjanji tanga ta miyezi isanu tidali titazulidwa, titapindidwa ngati waya wa msampha, titakhomedwa kuseri kwa kaphiri ndi misomali ya denga. Thabwa la bambo anga lidali litang'aluka pakati. A Lufeyo adaima pambali ndi hamala, nkhope ikuwala.

"Munati muona, bwana, ndiye ndati ndikuchepetsereni ntchito. Kuseriku kuli munda wa mlamu wanga yekha, koma iyeyo sapemphera."

"Ichi n'chidole!" ndidakuwa mpaka agalu a m'mipanda adayankha. "Chidole cha malemu bambo anga! Si mapulani a boma ayi!"

Adaika hamala pansi mwaulemu.

"Chidole, bwana? Nanga tambala uja?"

Lachitatu abwana athu aakulu adandiitana. Anthu a m'mudzi muja adali atapita kale ku maofesi kukathokoza boma chifukwa cha "bwana wa ku Area 3" amene wavomera kusuntha njanji. Amene mudakhalako masiku amenewo mukudziwa kuti kuyankhulira boma usadatumidwe sikunali kongochotsetsa ntchito kokha. Ndidafotokoza zonse, kuyambira ku Limbe mpaka kwa tambala.

"Tiyeni ndikaone ndekha," adatero abwanawo.

Atafika pakhonde adati ndiyatse. Kasitima kadayenda pang'ono, kadagunda msomali, n'kugwa chagada. Abwana adagwada pansi ndi suti yawo, adakatola, adakapukuta ndi mpango, n'kukayang'ana monga mmene munthu amayang'anira khanda la mnzake.

"Chinthu ichi chasokoneza anthu. Tikuchitenga ngati umboni mpaka kafukufuku atatha."

Galimoto ya boma idabwera mawa lake. Patapita miyezi iwiri adandituma kukasiya mafayilo kunyumba kwawo ku Area 10. Pabalaza, patebulo lopukutidwa bwino, padali thabwa la bambo anga, lomatidwa, tinjanji towongoka, kasitima kakuzungulira, alendo atatu akuwomba m'manja. Pa kaphiri kanga ka chinangwa adali ataikapo kambendera.

"Kafukufuku akadali m'kati," adandiuza, maso ali pa sitima. "Siyani mafayilowo pampando."

Adapuma ntchito, adapita kwawo, kafukufukuyo adapita naye. A Lufeyo adali atasiya ntchito sabata yomwe ija ya tambala, ati sangadye ndalama za munthu wabodza (munthu wong'alula thabwa la malemu!), ndipo ndidagula tambala wina kukabweza, wamkulu kuposa uja.

Chondipweteka koposa n'chakuti njanji yeniyeni itabwera idadutsa kutali ndi mudzi wawo. Mpaka lero kumeneko amakamba za mkulu wa mpingo amene adapinda njanji ya boma ndi manja ake kupulumutsa tchalitchi. Ndidamva kuti pa maliro awo nkhaniyo idalalikidwa. Ine adanditchulamonso, ngati Farao.