Keke ya Amene Palibe

A Kachigamba, ndinu munafufuta dzina langa pa mndandanda wa opita kwawo, musayang'ane kumbali. Anzanga, siyani kaye ndowazo mumve, chifukwa usiku wathawu ndawalota akapitawo athuwa.

Nonse munalipo dzulo pamene Madamu Zhou, eni fakitale ino, ankafotokoza zakwawo. Anati lero mwezi ukhala wathunthu, ndipo ku China ndi tsiku loti pachibale akumane. Amadula keke yozungulira ngati mweziwo, ngakhale amene ali kutali amamusungira gawo lake. Analamula kuti anthu khumi apite kwawo masiku awiri. Ine mkazi wanga Esinati anachira ku Mponela masabata atatu apitawo, mwana sindinamuonebe.

Ndiye m'malotomo ndinali pamakina anga omwewa, ndowa zikutuluka zikundipatsa moni. Ina yobiriwira inandinong'oneza kuti mndandanda aupititsa kumwezi, ndithamange. Mwadzidzidzi nyali yapepala yofiira inaima pachipata ikuitanira ngati kondakitala kuti kumwezi kwatsala mpando umodzi. Ndinakhala pafupi ndi kandulo, tinanyamuka, Kanengo yense n'kusanduka kambale.

Panjira tinapeza madzuwa asanu ndi anayi ali gone m'ngalande, mivi ili m'nthiti. Anandiuza kuti anawalasa kalekale chifukwa ankapsereza dziko, koma a Kachigamba alamula kuti awapachikenso kuti kusamade, anthu asamaweruke.

Ndiye titafika kumwezi ndinatsikira pa mtengo waukulu, bambo wina akuudula thukuta lili kamukamu. Akatema, bala likutsekeka, akatemanso, likutsekekanso. Nditawafunsa kuti ntchitoyi anayamba liti, anati papita zaka zikwi ziwiri.

"Ndikadali waganyu, achimwene. Akapitawo akuti adzandilemba ntchito mtengowu ukagwa."

Nkhwangwa yawo inaseka mpaka kuguluka mumpini, n'kunena kuti iyo inalembedwa kale chifukwa ndi mlamu wawo wa akapitawo.

Mwadzidzidzi ndinali pamzere. Kutsogolo kwanga kunali mayi wovala zoyera, yemwe uja Madamu amati anamwa mankhwala osafa n'kuuluka kusiya mwamuna wake pansi. Mwezi wonsewo ndi wake, koma nayenso anagwira kapepala kopempha tchuthi. Anati chaka chilichonse amamuuza kuti abwere mawa, fomu yatha. Ndinapsa mtima, ndinamuuza kuti asiye ulemu, ofatsa ndi amene amawakwera pamsana.

Ndiye kutsogoloko kunali tebulo, pa tebulo keke yaikulu ngati tayala la thirakitala, kuseri kwake a Kachigamba. Ndikuwayang'ana choncho khosi linayamba kufufuma, maso kutuzuka, jekete kuchita zipsera, basi asanduka chule wa miyendo itatu, cholembera chikadali kukhutu. Anatenga mpeni n'kuyamba kuitana mayina. Akaitana, palibe woyankha, koma mpando wopanda munthu umabwera wokha, n'kulandira keke ndi chikalata cha tchuthi, n'kuthokoza mwaulemu kuti zikomo malume. Mipando itatu inadya mpaka kugeya.

Kekeyo inayamba kudandaula kuti kwawo amaidulira mwana amene ali kutali ndipo amayi ake akumulira, osati mipando. Chule anaitseka pakamwa ndi chidindo.

Ndinakuwa kuti ine Levisoni ndilipo, zaka zinayi sindinajombepo.

"Vuto lako ndi lomwelo," anatero chule. "Mwambo ukuti gawo ndi la amene palibe. Iwe ulipo."

Ndinafunsa kuti nanga ndichite chiyani kuti ndipite. Anati ndisowe kaye, ndikasowa ndibwere ndekha ndidzasaine kuti palibe, ndi mboni ziwiri zimene sizinandionepo.

Ndiye mayi uja anandikoka dzanja kuti ndisuzumire pansi. Ndinaona Mponela, khonde la apongozi anga, Esinati atanyamula mwana akuloza mwezi. Ndikuyang'ana choncho mwana uja anatsika kumsana, anayenda, anavala yunifolomu, anamera ndevu, ine ndikadali pamzere. Anakweza maso n'kufunsa mayi ake kuti kadontho kakuda kali pamwezipo n'chiyani.

"Ndi bambo ako," anatero Esinati. "Akudikira fomu."

Ndinalumphira chule uja kuti ndimufinye pakhosi, koma ankaterera ngati sopo, ndipo mipando inandizungulira ikundimenya ndi miyendo. Mwadzidzidzi ndinamva kuti ngwee ngwee, kutsegula maso ndi mayi woyandikana nane nyumba akukwecha poto pampopi.

Sekani, anzanga, maloto ndi maloto. Koma ndalawirira kuno m'mawa, ndawerenga mndandanda uli pachitsekowo ndili maso. Pali Gelesomu, pali Witinesi, pali Alufeyo, ndipo onse atatu dzina lawo lachiwiri ndi Kachigamba. Ndani wa inu anawaonapo pamakina? Ndani anadyapo nawo chiwaya pachipata? Iwowo akupita kwawo kukaona abale, ine amene ndimapsa zala pano ndikhale.

Madamu Zhou ndi awo akutsika masitepe, ndipo minibasi ya ku Mponela sidikira munthu. A Kachigamba, musalowe mu ofesi. Imani pomwepo muwauze Madamu, tonse tikumva: anthu atatuwa amagwira makina ati?