Mtengo wa Mango Wobala Malalanje

Inu, tamverani za Ba Chilekwa a ku Chawama, aja analondera pafakitale ku Industrial mpaka imvi zinamera m'makutu. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtengo wa mango wobzala malemu bambo awo, ndipo ankaunyadira kuposa ana obereka okha.

Koma mtengowo unakalamba. Masamba anada ngati apakidwa mwaye, khungwa n'kumachucha utomoni, chiswe n'kukhazikika m'thunthu ndi abale ake onse. Choipitsitsa, unayamba kupendekera kuchimbudzi cha aneba, Ba Lemmy.

"Bashi Anna, uyu mtengo wafa," anatero akazi awo, Ba Philomena, powaitanira dzina la mwana wawo. "Tiudule usanagwele munthu."

"Siunafe, imwe. Upumula chabe."

Chipatala chinatsegulidwa tsiku lomwelo. Ba Chilekwa anasinja mapiritsi a malungo n'kuthira kumizu. Anaboola thunthu, n'kulowetsa kapaipi kochokera m'botolo la madzi a shuga, ati diripu. Kutazizira m'mwezi wa Juni, anaufunditsa chitenje cha akazi awo chovala kuukwati. Masamba otsala ataona zimenezi anathothoka onse.

Ba Lemmy anasuzumira pampanda. "Ba neba, ine nikangena mu toileti maso yankala kumwamba. Mtengo wosabala ni nkuni. Mailo nibwela na nkhwangwa."

"Mailo muzaupeza wabala!" anakuwa Ba Chilekwa, pakamwa patathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Mawa lake linali Lamulungu. Anthu onse ali kutchalitchi, Ba Chilekwa anathamangira kumsika kukagula mango. Mango mu Juni! Amayi ogulitsa anawaseka mpaka kugwira m'mimba. Munthu wina akanabwerera, koma iwo anaima n'kuganiza kuti chipatso ndi chipatso basi. Anasenza thumba la malalanje, anaba ulusi wosokera wa akazi awo, n'kumangirira lalanje lililonse kunthambi, makwerero akunjenjemera pansi pawo.

Anthu potuluka m'tchalitchi anaima kukamwa yasa. Mtengo wa mango wouma gwa, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, uli mbwee malalanje! Mayi wina anagwada pomwepo m'fumbi. Pofika masana theka la Chawama linali pabwalo, kwaya ikuimba, ndipo panatulukira mneneri wa mkanjo woyera wonena kuti zonsezi anazilota kale.

Ba Philomena anayang'anitsitsa m'mwamba, kenaka anayandikira amuna awo. "Iyo kotoni ni yanga."

"Nkalani zii, mayo. Tili pa chozizwitsa."

Anapitiriza kugwirana chanza ndi alendo, nkhope ili yodzichepetsa ngati munthu wosankhidwa.

Zinaipa mneneri atalengeza kuti wodya lalanje limodzi apeza ntchito, wodya awiri apeza banja. Abale, anthu anakwera! Mbeta, malova, ngakhale woimbitsa kwaya ndi jekete lake. Ba Chilekwa anazungulira pansi akukuwa, "Selukani, ni wodwala uyu!" koma mawu awo anamira m'nyimbo.

Mtengo unalira kamodzi, kwee, n'kugona mwaulemu pachimbudzi. Phofo!

Fumbi litatha, okwera anadzuka mmodzimmodzi akudzisasa, aliyense lalanje m'manja. Denga la chimbudzi linali kwina, zipupa kwina. Pakati pa njerwa panakhala Ba Lemmy, amoyo ndithu, buluku m'mapazi, akuyang'anizana ndi mpingo wonse. Kwaya inatembenuka kuwapatsa msana, koma vesi inamaliza.

"Ba Chilekwa," anatero Ba Lemmy modekha, "nipempako chitenje."

Ba Chilekwa anamanga okha chimbudzi chatsopano, Ba Lemmy akuwalondera ali pampando. Nthambi zinaphikira nyemba mpaka dzinja. Pachitsa Ba Chilekwa amakhalapo okha madzulo, ndipo wina akayerekeza kukhalapo amamuthamangitsa.

Mukawafunsa lero kuti mtengo uja unafa ndi matenda anji, amakuyang'anani ngati mwatukwana maliro.

"Matenda? Awe. Unabala maningi, wathyoka musana."