Ufa wa ku Zalewa ndi nyanga ya mbuzi yathu

Lolemba

Ababa abwera kuchokera ku Zalewa ndi timapaketi tiwiri ta ufa wofiirira. Awapatsa bambo wina wovala tayi kuti alawe. Ufawo akuti dzina lake ndi sitemu selo. Akuti ukamwa, chilichonse chofooka m'thupi chimameranso pa masiku atatu. Mano, maso, ngakhale kapamba amene akuwadwalitsa shuga.

Loweruka akukagulitsa mbuzi yathu yothyoka nyanga kuti agule bokosi lonse. Mapiritsi a kuchipatala akuti asiya tsiku lomwelo. Timapaketi andisungitsa ine poti sinditaya zinthu.

Ndikufuna kuwaletsa. Ndatsegula pakamwa, zatuluka ndi izi: "Ababa, madzi osamba afunda."

Lachiwiri

Ndapita kuchipatala ku Magaleta kukafunsa za ufawu. Ndalola anthu anayi kundipitirira pamzere chifukwa cha manyazi. Anesi andimvera bwinobwino, sanandiseke. Zimene anena ndalemba m'kope kuti ndisasokoneze:

1. Maselo ndi tinjerwa tamoyo tomanga thupi.
2. Alipo ena okhala ngati makanda, osadziwa kuti adzakhala chiyani. Amenewo ndiwo sitemu selo. Ena ali m'mafuta a m'mafupa ndipo amapanga magazi.
3. Akatswiri atha kutenga selo la pakhungu n'kulibwezera ku ukhanda, kenako n'kuliphunzitsa ntchito ina. Zimachitika m'zipinda zaukhondo kwambiri, ndipo zambiri akadafufuza.
4. Selo lamoyo silikhala m'paketi padzuwa la ku Zalewa.

"Abambo anu asasiye mapiritsi, mwamva?" atero anesi.

Ndamva. Vuto ndi kunena kwake. Ndiye ndiwaonetsa ndi maso. Ndakonza mayeso awiri. Mabotolo awiri a madzi, muli nthambi za kholowa zofanana kutalika, lina ndathira ufa uja, lina ayi. Komanso nkhuku yathu ya kameta, yopanda nthenga m'khosi, ndaipatsa ufa wosakaniza ndi gaga. Tione ngati imere nthenga. Ndikumva ngati dokotala!

Lachitatu

Kholowa wa m'botolo la ufa ndiye waimika masamba. Winayo wafota. Ndayang'ana kanayi. Botolo lopanda ufa lili ndi kabowo pansi, madzi onse atha usiku. Ndabisa mabotolo onse kuseri kwa nkhokwe kuti Ababa asaone, angagulitse ndi nkhokwe yomwe.

Masana ndayanika timapaketi pa lichero chifukwa tachita chinyontho. Ndangolowa m'nyumba kukatenga kope. Potuluka, mbuzi yadya ufa wonse, mapepala ake, ndi kholowa yemwe. Ababa aimirira pakhonde, aona zonse.

Ndikudikira kukalipiridwa. Iwo akungoyang'ana mbuzi. Kenako: "Nyanga yothyokayo ndi ya kumanzere, eti?"

Ndathamangira ulusi. Ndayeza chitsa cha nyanga, ndamanga mfundo pamene chathera. Ababa atenga ulusiwo n'kuuika m'thumba la malaya.

Lachinayi

Kwabwera azakhali a ku Nsambe. Amayi apha kameta. Ndafunsa chapansipansi chifukwa chake asankha imeneyo pa nkhuku zisanu. "Imeneyo siichedwetsa kusosola," atero. Ndayang'ana khosi lake lisanalowe mumphika. Palibe nthenga ngakhale imodzi. Ndalemba, ngakhale mboni yadyedwa.

Zotsala pa mayeso anga:
kholowa, palibe
nkhuku, palibe
ufa, palibe
kope, lilipo

Ababa ayeza nyanga m'mawa ndi madzulo. Yafika pa mfundo, sinapitirire. Akuti lero ndi tsiku loyamba chabe.

Lachisanu

Mbuzi ikusamalidwa kuposa azakhali. Ababa aithyolera masamba a mbawa ndi manja awo, aimangirira pamthunzi, ndipo aletsa aliyense kuithamangitsa. Akuti ikadzidzimuka nyanga ibwerera.

Ndaloweza mfundo zinayi za anesi. Ndazinena ku chitsime kopanda anthu, zatuluka bwino zonse. Ndazinena kwa mbuzi, yamvetsera. Madzulo ndagwada pafupi ndi mpando wa Ababa, kope m'manja.

"Ukufuna kunena chiyani, mwanawe?"

"Madzi osamba afunda."

Anali atasamba kale.

Ndasiya kope pampando, lotsegula pa tsamba lija. Mwadala kapena mwangozi, sindikudziwa.

Loweruka

Ababa adzuka m'mamawa, avala jekete ya ku msika, chingwe chokokera mbuzi m'manja. Mapiritsi a m'mawa ali pambale, sanawagwire. Ine ndikusesa malo amodzimodzi pabwalo.

Atulutsa ulusi. Ayeza. Atembenuza mbuzi kuti iyang'ane kudzuwa, ayezanso. Aitana Amayi kuti ayeze iwo.

"Abambo, ngakhale muukoke ulusiwo, nyanga ili pomwepo," atero Amayi.

Ababa akhala pa mtondo, ulusi m'manja. Kenako anena okha: "Yadya mapaketi awiri. Nyanga ili panja poonekera, yalephera. Nanga kapamba ali mkati mumdima?"

Avula jekete. Apempha madzi m'kapu. Ameza mapiritsi ine ndikuona!

Kope ndalipeza pansi pa chipewa chawo. Pa mfundo yachinayi pali chidindo cha chala cha mafuta.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi, Ababa asonkhanitsa azibambo pansi pa mtengo. Akuwaonetsa ulusi. Akuti iwo sanamizidwa, anayamba ayesa kaye pa mbuzi. Akufotokozanso za maselo okhala ngati makanda, za khungu lobwezeredwa ku ukhanda, zonse zinayi, motsatira ndondomeko yanga. Pamene alakwitsa ndi pamodzi pokha, ati maselo ndi tinjerwa tootcha. Azibambo akugwedeza mitu. Wina akuti, "Koma inu mukanakhala dokotala."

Ine ndaima kumbuyo ndi ambulera ya Amayi. Ndinafuna kukonza za tinjerwazo. Ndazisiya.

Mbuzi ilipo, mapiritsi akumwedwa, ulemu wapita kwa Ababa ndi ulusi wanga. Basi, zikhale choncho.

Madzulo andiitana. "Mwanawe, kope lako lija usalitaye. Ndipo madzi osamba ndimadziwa ndekha akafunda."

Ndayankha kuti chabwino. Mbuzi yadya chikuto cha kope, koma masamba onse alipo.